Geji Ikanama, Pampu Ikakana: Kufufuza Mavuto a Mafuta pa Galimoto za Mathanki Awiri m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mawu oyamba

Chaka china, nyengo yogula soya itafika, ndidapita kutchuthi kwa amalume anga ku Mponela. Amalumewo ankayendetsa lole ya munthu wina wamalonda, ndipo sabata imeneyo adanditenga kuti ndiziwathandiza kuwerenga matumba m'misika ya m'boma la Ntchisi. Loleyo idali ndi mathanki awiri a dizilo: ina idabwera nayo kuchokera kufakitale, ina adachita kuwonjezera pagalaja. Lolemba m'mawa tidadzaza mathanki onse awiri. Lachinayi madzulo, katundu ali tho, amalume adaona kuti thanki yoyamba yatsala pang'ono kutha. Adatabwanya swichi ya pampu kuti mafuta a m'thanki yachiwiri alowe m'thanki yoyamba, n'kuyamba kukwera chitunda mtima uli m'malo, poti geji ya thanki yachiwiriyo inkaonetsa theka. Tili pakati pa chitundacho, injini idatsokomola kawiri n'kuzima. Titatsegula thanki yachiwiri n'kupisamo ndodo, ndodoyo idatuluka youma. Amalume ataimba foni, mwini lole sadachedwe kugamula mlandu. "Adalaivala, musandione ngati mwana," adatero. "Mafutawo mwagulitsa."

Cholinga cha chimangirizo ichi ndi kufotokoza mmene geji ndi pampu yosamutsa mafuta zimagwirira ntchito pagalimoto ya mathanki awiri, chifukwa chimene zimavutira kwambiri m'madera a mapiri monga Dowa ndi Ntchisi, komanso ndondomeko yoyenera kutsata pofufuza vuto. Mfundo yaikulu ndi yakuti geji ndi mboni chabe, ndipo mboni imatha kunama. Munthu asanagule pampu yatsopano kapena kuloza mnzake chala, ayenera kuyankha mafunso atatu motsatana: Kodi mafuta alimo? Kodi akuyenda? Kodi geji ikunena zoona?

Chifukwa chokhalira ndi mathanki awiri

Dziko la Malawi lilibe doko la panyanja yamchere, choncho mafuta ake amadzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Njira zimenezi zikasokonekera, kapena ndalama zakunja zikachepa, mafuta amasowa monga zidachitikira m'zaka za 2011 ndi 2012 komanso 2022 ndi 2024, pamene galimoto zinkagona pamizere. Ngakhale mafuta asasowe, malo omwetsera galimoto amachuluka m'mbali mwa msewu wa M1, monga ku Lumbadzi, ku Mponela ndi ku Madisi, pomwe fodya, soya, mtedza ndi chimanga zimachokera kumidzi yakutali ndi msewuwo. Lole yotuta mabelo a fodya kupita nawo kumsika wa Kanengo kapena wa Chinkhoma imatha kuzungulira masiku angapo isanafike pamalo omwetsera. Thanki yachiwiri imathandiza kuti ntchito isaime.

Galimoto zina zimabwera ndi mathanki awiri kuchokera kufakitale. Chitsanzo chodziwika bwino ndi Toyota Land Cruiser 78, imene zipatala ndi mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito ngati ambulansi. Yambiri mwa iyo imakhala ndi mathanki awiri a malita 90 iliyonse. Mathiraki akuluakulu odutsa malire a mayiko nawonso amakhala ndi thanki mbali iyi ndi inayo. Pali kenaka malole apakatikati amene eni ake amawonjezera thanki kwa owotcherera. Gulu lomalizali ndi limene limavuta kwambiri chifukwa mmisiri aliyense amalumikiza mapaipi ndi mawaya m'njira yake, ndipo palibe buku limene makaniko wina angawerenge kuti adziwe zimene mnzake adachita.

Njira zinayi zoyendetsera mafuta

Sitingafufuze vuto tisanadziwe mtundu wa makina amene tikulimbana nawo. Pali njira zinayi zimene mafuta a m'thanki yachiwiri amafikira kuinjini.

Njira yoyamba ndi ya paipi yolumikiza mathanki awiriwo chapansi. Apa palibe pampu kapena swichi. Mafuta amadzisendeza okha mpaka atalingana mbali zonse, monga momwe madzi amachitira m'migolo iwiri yolumikizidwa ndi paipi.

Njira yachiwiri ndi ya valavu yosankha thanki. Dalaivala akatabwanya swichi, valavu imatseka njira ya thanki ina n'kutsegula ya inzake. Chofunika kudziwa pano n'chakuti injini ya dizilo simatha mafuta onse amene yakoka. Ena amabwerera kuthanki kudzera m'paipi yobwezera. Motero valavu imayenera kusintha njira ziwiri nthawi imodzi, yotengera ndi yobwezera. Ikasintha imodzi yokha, injini imamwa m'thanki ina n'kumabwezera m'thanki inayo mpaka itasefukira.

Njira yachitatu ndi ya pampu yamagetsi. Injini imamwa m'thanki yoyamba nthawi zonse, ndipo yachiwiri imangokhala nkhokwe. Mafuta akachepa, pampu imawapopa kuchoka m'nkhokwemo kupita m'thanki yoyamba. Ma Land Cruiser 80 ena a mathanki awiri amagwira ntchito chonchi, ndipo malole ambiri owonjezeredwa thanki, kuphatikizapo ija ya amalume, amatsata njira yomweyi. Pagalimoto zina za ku America, monga mathiraki a Chevrolet ndi GMC, pampu imayatsidwa ndi kompyuta imene imayerekeza kuchuluka kwa mafuta m'mathanki awiriwo.

Njira yachinayi ndi ya pampu yopanda magetsi. Mafuta obwerera amadutsa mothamanga pakabowo kakang'ono, ndipo liwiro lawolo limakoka mafuta a m'thanki yachiwiri. Ma Land Cruiser Prado 120 ena, amene mathanki awo awiri amakwana malita 180, amagwiritsa ntchito njira imeneyi. Munthu wosadziwa akhoza kutha tsiku lonse akufunafuna fyuzi ya pampu imene ilibe waya ndi mmodzi yemwe.

Mmene geji imadziwira kuchuluka kwa mafuta

Geji imene timaiona padashibodi simaona m'thanki. Imangouzidwa ndi kachipangizo kamene amakaniko amakatcha fuloti. Fuloti ndi kampira kopepuka koyandama pamafuta, komangiriridwa kukamkono kachitsulo. Mafuta akakwera kapena kutsika, kamkonoko kamatsetsereka pakanjira kamene kamapinga magetsi. Kupinga kumeneku kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa ohm. Geji imawerenga ma ohm amenewa n'kusuntha kamuvi kake pakati pa E ndi F. Magetsi amafika kufuloti kudzera muwaya mmodzi, ndipo amabwerera kubatire kudzera muwaya wina womangidwa kuchitsulo cha galimoto, amene amakaniko amamutcha earth.

Mafuloti onse salankhula chilankhulo chimodzi. Pagalimoto zambiri za Toyota, thanki ikauma fuloti imapereka ma ohm pafupifupi 110, ndipo ikadzaza imapereka pafupifupi 3. Mafuloti ena a ku America amapereka 240 thanki ikauma ndi 33 ikadzaza. Koma mageji ambiri a ku Ulaya, amenenso amagulitsidwa paokha m'masitolo a zida za galimoto, amayenda mosemphana ndi amenewa: 10 thanki ikauma ndi 180 ikadzaza. Kulumikiza fuloti ya mtundu wina ndi geji ya mtundu wina kuli ngati kupatsa munthu wongodziwa Chitumbuka womasulira wongodziwa Chisena. Onse awiri ali bwinobwino, koma uthenga sufika.

Kusiyana kumeneku kumatiuzanso mmene geji imanamira. Dzimbiri likagwira pamene earth wamangidwa, limawonjezera ma ohm ake pamwamba pa ma ohm a fuloti. Pageji ya mtundu wa Toyota, ma ohm ochuluka amatanthauza kuti mafuta ndi ochepa, choncho kamuvi kamatsika ndipo dalaivala amangomwetsa msanga. Bodza lotere silipweteka kwambiri. Koma pageji ya 10 mpaka 180, ma ohm ochuluka amatanthauza kuti mafuta ndi ambiri. Thanki youma imapereka ma ohm 10. Dzimbiri likawonjezerapo 80, geji imalandira 90 ndipo kamuvi kamaima chapakati. Bodza limeneli ndi lija limasiya galimoto pachitunda.

Palinso zifukwa zina. Kanjira kotsetserekapo kamkono kamaperepeseka pamalo amene kamakhudzidwa kawirikawiri, ndipo kamuvi kamayamba kudumphadumpha. Kampira kakabooka kamamira, geji n'kumaonetsa E thanki ili yodzaza. Thanki ikaphwanyidwa ndi mwala n'kulowa mkati, kamkono kamatha kukodwa osafika pansi, geji n'kumaonetsa kuti mafuta alipo pamene adatha kale.

Chimene mapiri amawonjezera

Maboma a Dowa ndi Ntchisi ali m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha nyanja ya Malawi. Phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,600 kutalika kwake, pamene nyanja ili pamamita osafika 500. Aliyense amene adatsikapo ku Mvera polowera ku Salima, kapena kuyenda m'misewu ya kuseri kwa nkhalango ya Ntchisi, amadziwa kuti malo athyathyathya ndi osowa. Malo otere amasokoneza mafuta m'njira zingapo.

Poyamba, galimoto ikapendekeka mafuta sapendekeka nayo. Tiyerekeze kuti thanki ndi yotalika mita imodzi ndipo msewu ukukwera mita imodzi pamamita khumi alionse. Mafuta a kumbuyo kwa thanki adzakwera ndi masentimita 5 ndipo a kutsogolo adzatsika ndi masentimita 5. Ngati m'thankimo mudatsala mafuta akuya masentimita 6, kutsogolo kudzatsala sentimita imodzi yokha. Paipi yokokera mafuta simagunda pansi penipeni, choncho ngati ili chakutsogolo idzayamba kukoka mpweya pamene kumbuyo kuli mafuta akuya masentimita 11. Injini ya dizilo ikamwa mpweya imazima, ndipo siliranso mpaka mpweyawo utachotsedwa m'mapaipi. Fuloti nayo imakwera kapena kutsika malinga ndi mbali imene ili. N'chifukwa chake geji yowerengedwa pachitunda siyenera kukhulupiriridwa.

Kachiwiri, pamathanki olumikizidwa ndi paipi yapansi, kuimika galimoto mopendekekera mbali imodzi kumachititsa mafuta kusamukira m'thanki ya kumunsi. Ngati onse adali odzaza, ya kumunsiyo imasefukira usiku wonse.

Kachitatu, misewu yadothi imagwedeza galimoto kosalekeza. Mawaya amakhuzika pazitsulo, zomangira zimamasuka, ndipo mapaipi amapindika. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimatseka kabowo kopumira thanki. Thanki iliyonse imafuna kuti mpweya uzilowa pamene mafuta akutuluka. Kabowoko kakatsekeka, pampu imalimbana ngati munthu woyamwa chakumwa m'botolo lotsekedwa, ndipo mafuta amasiya kuyenda ngakhale pampuyo ikulira.

Kachinayi, m'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kwambiri m'mapirimu. Chinyezi cha mumpweya wa m'thanki yosadzaza chimasanduka madontho a madzi. Madzi amalemera kuposa dizilo, choncho amakhala pansi, pomwe amayambitsa dzimbiri ndi ndere zakuda zimene zimatseka kasefa ka pampu. Thanki yachiwiri ndi imene imavutika kwambiri chifukwa imatha kukhala miyezi osagwiritsidwa ntchito. Mafuta akasowa, ambiri amathiramo a m'zigubu, amene nthawi zina amabwera ndi zinyalala ndi madzi.

Pomaliza, injini ikazima pachitunda pamakhala ngozi yeniyeni. Chiwongolero chimalimba, ndipo pampu imene imapereka mphamvu kumabuleki imasiya kugwira ntchito. Lole yodzaza matumba ikayamba kubwerera m'mbuyo, kapena ambulansi ikaima ndi mayi wodwala pakati pa usiku, vuto la kawaya kamodzi limasanduka nkhani ya moyo ndi imfa.

Funso loyamba: Kodi mafuta alimo?

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofufuza ayambe ndi zinthu zosafuna ndalama. Aimike galimoto pamalo athyathyathya ngati n'kotheka, atsegule thanki iliyonse n'kupisamo ndodo yoyera. Pagalimoto zing'onozing'ono zimene khosi la thanki ndi lokhota, akhoza kugogoda thankiyo n'kumvetsera, kapena kuimwetsa mpaka itadzaza n'kuona malita amene alowa. Potsegula chivindikiro amvetsere bwino. Ngati mpweya ukulowa mwamphamvu ndi kaphokoso, kabowo kopumira katsekeka.

Zimene ndodo yaonetsa zimalozera kumene vuto lili. Ngati thanki yoyamba yauma koma yachiwiri ndi yodzaza, mafuta sakusamuka. Ngati thanki imene sikugwiritsidwa ntchito ikudzaza yokha, valavu ikubwezera mafuta kolakwika. Ngati mathanki onse ali ndi mafuta ambiri koma injini ikuzima, vuto lili pasefa, papaipi yokokera kapena pamene mpweya ukulowera. Ngati mafuta asowa mosayembekezereka, wofufuza agwade n'kuyang'ana kunsi kwa galimoto. Dizilo sauma msanga ngati petulo. Pamene wadutsa pamakakamira fumbi lakuda lonyowa, ndipo fumbi limeneli limasonyeza kumene mafuta adatulukira.

Funso lachiwiri: Kodi mafuta akuyenda?

Ngati galimoto ili ndi pampu yamagetsi, munthu mmodzi atsegule kiyi osaliza injini, wina aike khutu kapena dzanja papampu. Swichi isanatabwanyidwe pampu iyenera kukhala chete, ndipo ikatabwanyidwa iyenera kulira. Mayeso onse awiriwa ndi ofunika. Ambiri amangoyesa ngati pampu ikulira, osayesa ngati ikusiya. Tisanyengedwenso ndi kanyali ka paswichi. Pamalole ambiri kanyaliko kamangosonyeza kuti swichi yatabwanyidwa, osati kuti pampu ikupopa.

Pampu ikakhala chete, wofufuza ayambe ndi fyuzi. Fyuzi yopsa isinthidwe ndi ina ya nambala yomweyo, osati ndi kachidutswa ka waya, chifukwa fyuzi imapsa pofuna kuteteza galimoto kumoto. Kenaka aone rileyi, kabokosi kamene kamalandira lamulo la swichi n'kutsegulira pampu magetsi. Rileyi imatha kukana kutsegula, komanso imatha kumatirira n'kukana kutseka. Njira yosavuta yoiyesera ndi kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo, monga ya hutala. Zikatero, ayeze magetsi papampu penipeni ndi mita, swichi ili yoyatsa. Galimoto zing'onozing'ono zimayendera mavoti 12 ndipo malole ambiri amayendera 24. Ngati magetsi akufika ochepa, vuto lili pamawaya kapena pa earth. Ngati akufika okwanira, earth ali bwino, koma pampu ili chete, pamenepo ndiye tinganene kuti pampu yafa. Pogula ina tionetsetse mavoti ake, pakuti pampu ya mavoti 12 sikhalitsa palole ya mavoti 24.

Pampu ikamalira, sindiye kuti ikupopa. Wofufuza achotse paipi yotulutsira, ailozetse m'chigubu, ayatse pampu kwa mphindi imodzi. Ngati mafuta akutuluka mwamphamvu, chotchinga chili kutsogolo, pakati pa pampu ndi thanki yoyamba. Ngati akungodontha kapena akutuluka ndi thovu, ayang'ane kasefa ka pampu, paipi yong'aluka imene ikulowetsa mpweya, paipi yopindika, kapena kabowo kopumira. Kuyesanso chivindikiro cha thanki chili chotsegula kumathandiza: mafuta akayamba kuyenda, wolakwa ndi kabowo kopumira.

Pagalimoto ya valavu yosankha thanki, amvetsere ngati valavu ikugunda swichi ikatabwanyidwa, kenaka aone thanki imene mafuta obwerera akugwera. Pagalimoto ya pampu yopanda magetsi, aone ngati mafuta obwerera ali ndi mphamvu komanso ngati paipi ya pakati pa mathanki sikulowetsa mpweya. Pagalimoto imene kompyuta ndiyo imalamula pampu, funso lachitatu liyambe kuyankhidwa, chifukwa fuloti imodzi ikanama kompyuta imatha kuleka kuyatsa pampu yabwinobwino, ndipo nthawi zina imagwetsa kamuvi pa E pofuna kuchenjeza dalaivala.

Funso lachitatu: Kodi geji ikunena zoona?

Popeza ndodo yatiuza kale kuchuluka kwa mafuta, tikhoza tsopano kuyesa mboni yathu. Pali zinthu zitatu zimene zingalakwe: geji, mawaya ndi fuloti. Wofufuza achotse waya wa pafuloti, kiyi ali wotsegula. Pageji ya mtundu wa Toyota kamuvi kayenera kutsikira pa E, ndipo wayayo akakhudzitsidwa kuchitsulo cha galimoto kwa kanthawi kochepa, kayenera kukwera kulowera pa F. Pageji ya 10 mpaka 180 zimachitika mosemphana. Mageji ambiri amayenda pang'onopang'ono dala kuti kamuvi kasamagwedezeke m'mabampu, choncho pamafunika kudikira. Kamuvi kakayenda mbali zonse ziwiri, geji ndi waya wake zili bwino, ndipo vuto latsala pa earth kapena pafuloti. Mayeso okhudzitsa wayawa asachitike pagalimoto zamakono zimene waya wa fuloti amalowa m'kompyuta. Pamenepo mita yokha ndiyo igwire ntchito.

Earth ayang'anidwe fuloti isanachotsedwe. Amasulidwe, pamalopo papalidwe ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, amangidwenso mwamphamvu, kenaka apakidwe girizi kuti madzi asafikepo. Mageji ambiri amachira pomwepa. Ngati bodza likupitirira, fuloti ichotsedwe, mita ilumikizidwe, ndipo kamkono kakwezedwe pang'onopang'ono ndi dzanja. Manambala ayenera kusintha mwandondomeko kuyambira kumapeto ena kufika kwina. Akamadumpha kapena kuzimirira pena, kanjira kaja kaperepeseka. Kampira kagwedezedwe pafupi ndi khutu: ngati mkati mukumveka mafuta, kabooka. Ngati geji imodzi imatumikira mathanki onse awiri kudzera paswichi, ndipo ikunama pathanki imodzi yokha, geji ilibe mlandu. Ikamanama pamathanki onse, tikayikire geji, swichi kapena waya amene mathankiwo amagawana.

Kudziteteza pogwira ntchito

Ntchito ya mafuta imafuna kusamala. Pachitunda, matayala atchingidwe ndi miyala ikuluikulu munthu asanalowe kunsi kwa galimoto, ndipo zizindikiro zochenjeza ziikidwe patali ndithu kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka pokhota. Fuloti isanachotsedwe, batire lichotsedwe waya. Machesi, fodya ndi koloboyi zisayandikire, makamaka pagalimoto ya petulo, ndipo thanki isawotchereredwe chifukwa chongoti yauma, pakuti mpweya wa mafuta wotsalira mkati ndi umene umaphulika. Chizolowezi chokoka mafuta ndi pakamwa n'choopsa: dizilo kapena petulo akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo. Kapampu kamanja n'kotsika mtengo poyerekeza ndi masiku ogona m'chipatala.

Mmene mlandu wa amalume udathera

Usiku umenewo tidagona m'lole. M'mawa mwini galimoto adafika ndi chigubu cha dizilo pamodzi ndi makaniko wachikulire. Makanikoyo sadathamangire kumasula chilichonse. Adayamba wagwada n'kuloza fumbi lakuda limene lidakakamira kunsi kwa kabowo kopumira ka thanki yoyamba mpaka kuchitsulo cha kumbuyo. "Bwana," adatero, "mafuta anu adamwa ndi msewu." Atayeza ndi mita, adapeza kuti magetsi ankafika papampu kiyi akangotsegulidwa, swichi ili yozimitsa. Rileyi idali itamatirira. Kuyambira Lolemba lija, pampu inkathira mafuta m'thanki yodzaza kale, ndipo ankasefukira mumsewu wafumbi ife tili m'kati mwa phokoso la injini. Thanki yachiwiri itauma, pampu idapitiriza kuzungulira popanda mafuta mpaka idapsa. Geji ya thankiyo idali ya 10 mpaka 180, ndipo earth wake adali atadyedwa ndi dzimbiri. Atangopala pamalopo, kamuvi kadagwera pa E tonse tikuona.

Nkhaniyi ikusonyeza kufunika kotsata ndondomeko. Pampu idalidi itafa, koma kufa kwake kudali chotsatira cha vuto, osati gwero lake. Pakadangogulidwa pampu yatsopano, rileyi yomweyo ikadatayanso mafuta ena n'kupsereza pampu inanso, ndipo amalume akadachotsedwa ntchito ndi mbiri ya umbava. N'zoona kuti kuba mafuta kumachitika, ndipo eni galimoto ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma geji payokha singakhale umboni wokwanira kumanga kapena kumasula munthu.

Mawu omaliza

Chimangirizo ichi chafotokoza njira zinayi zimene mafuta amayendera pagalimoto ya mathanki awiri, mmene geji imadalira fuloti ndi mawaya, ndi mmene zitunda, fumbi ndi chinyezi za ku Dowa ndi ku Ntchisi zimakulitsira mavuto ang'onoang'ono. Chasonyezanso kuti kufufuza kuyenera kuyamba ndi ndodo ndi maso, kenaka khutu, fyuzi, rileyi ndi earth, ndipo kugula chida chatsopano kubwere pamapeto.

Pali zizolowezi zingapo zimene zingapewetse mavutowa. Mwini galimoto ndi dalaivala apangire limodzi ndodo yoyezera, pothira malita 20 nthawi iliyonse pamalo athyathyathya n'kumalemba chizindikiro, thanki iliyonse ndi ndodo yake, chifukwa theka la kuya kwa thanki si nthawi zonse limakhala theka la malita. Azilemba m'kabuku malita amene amwetsa ndi makilomita amene ayenda. Pampu iziyesedwa sabata iliyonse ngakhale thanki yachiwiri isakufunika, ndipo madzi a pansi pa thanki azikhetsedwa nthawi ndi nthawi. Koposa zonse, dalaivala azisamutsa mafuta thanki yoyamba ikadali chapakati, ali pamalo athyathyathya, n'kuonetsetsa kuti kamuvi kake kakukweradi asanayambe chitunda. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mafuta a m'thanki yachiwiri ali ngati fodya wapachala: dalaivala asawawerengere mpaka ataona kuti afika m'thanki imene injini ikumwamo.